Thabwa Lofiira la ku Chawama ndi Dzina Lake Lenileni

Mawu akuti mtengo m'chinenero chathu ali ndi nkhope ziwiri: ndi chomera chimene chili chiriri m'nkhalango, ndiponso ndi ndalama zimene wogula amatulutsa m'thumba. Ku Chawama, komboni yaikulu ya kumwera kwa tauni ya Lusaka, nkhope ziwirizi zimakumana tsiku ndi tsiku m'mashedi a akalipentala amene anandandalika m'mbali mwa misewu. Pamenepo pamaima mabedi, makabati, zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro, zonse zili waliwali ndi vanishi. Wogula akafunsa kuti chitseko ichi n'cha mtengo wanji, dzina la chomera likangotchulidwa ndalama nazo zadziwika kale. Akati paini, ndalama ndi zochepa. Akati mukwa, wogula amayamba wapumira m'mwamba. Akati mahogany kapena rosewood, amangodziwiratu kuti mwezi uno nyumba ivutika. Koma mayina awiri omalizawa satchula chomera chimodzi chodziwika. Ndi mayina amalonda, ovekedwa pa thabwa lililonse limene lafiira bwino, ndipo wogula alibe podalira pena koma mawu a wogulitsa, amenenso anangomva kwa amene anamugulitsa matabwawo kumsika wa Buseko, amenenso anangomva kwa mwini lole. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi: dzina la sayansi la mtengo, lija la Chilatini limene ambiri timaliona ngati chodzikometsera cha anthu ophunzira, ndi chida cha ntchito chofunika kwa mmisiri wa ku Chawama monga sowo ndi hamala, ndipo dziko limene silisamala mayina a mitengo yake limaberedwa mitengoyo masanasana.

Titenge mbawa, chifukwa ndiwo mtengo umene kwathu kuno umayenera kwambiri dzina lija la mahogany. Anthu olankhula Chibemba amautcha mululu. Si mtengo wa m'miombo yowuma. Umakonda nkhalango zobiriwira chaka chonse ndi magombe a mitsinje, kumene mizu yake imapeza chinyontho ngakhale m'chilimwe, ndipo abale ake enieni ali m'nkhalango zamvula za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa. Thunthu lake limakwera mowongoka mtunda wautali lisanaphuke nthambi, n'chifukwa chake makolo ankasemamo mabwato. Khungwa lake ndi lowawa ndipo asing'anga amalidziwa. Maluwa ake ndi aang'ono, oyera, onunkhira. Chipatso chake ndi chibulumwa cholimba chimene chikauma chimang'ambika mbali zinayi kapena zisanu n'kutaya njere zopyapyala zamapiko. Mbawa wotchuka kwambiri m'chigawo chathu uli m'nkhalango ya Chirinda, paphiri la Selinda kum'mawa kwa Zimbabwe, ndipo msinkhu wake umafika pafupifupi mamita 65. Munthu akaima pansi pake amamvetsa chifukwa chimene anthu a kunja analimbirana kuupatsa dzina.

Mbiri ya dzinalo ndi yokhotakhota. Mu 1830 katswiri wa zomera wa ku France, Adrien de Jussieu, anakhazikitsa mtundu wa mitengo umene anautcha Khaya, potengera dzina limene anthu a ku Senegal amatchulira mbale wa mbawa wa kumeneko. Mu 1859 Friedrich Welwitsch, dokotala wa ku Austria amene boma la Portugal linamutuma kukafufuza zomera ku Angola, analemba za mtengo wina waukulu wa m'nkhalango za kumeneko n'kuutcha Garretia anthotheca, poganiza kuti wapeza mtundu watsopano. Mu 1878 Casimir de Candolle wa ku Geneva anaona kuti mtengo wa Welwitsch ndi wa m'nyumba ya Khaya, ndipo anausamutsira kumeneko koma n'kuusiyira dzina lake lachiwiri. Ndiye chifukwa chake m'mabuku mumalembedwa Khaya anthotheca (Welw.) C.DC.: zilembo zakumapetozo zikunena kuti Welwitsch ndiye anayamba kuutchula ndipo de Candolle ndiye anaupezera malo. Kenako mu 1911 ku London kunatuluka dzina lina, Khaya nyasica, lopatsidwa mbawa wa kuno kwathu. Otto Stapf wa kumunda wa zomera wa ku Kew ndiye analipanga, Edmund Baker ndiye analisindikiza, ndipo liwu lakuti nyasica likuloza dziko la kunyanja, kumene kunachokera dzina la chinenero chimene Chawama amalankhula. Kwa zaka zambiri akuluakulu a zankhalango ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland ankadziwa mbawa ndi dzina limeneli, ndipo ndi limene Frank White ndi Brian Styles analemba mu 1963 m'buku lalikulu la zomera za chigawo cha Zambezi, Flora Zambesiaca. Koma pofika mu 1991 akatswiri awiri omwewo, atayerekeza masamba ndi zipatso zochokera m'mayiko ambiri, anagamula kuti mbawa wathu ndi mtengo wa Welwitsch ndi chinthu chimodzi. Malamulo a mayina a zomera amati dzina loyamba kusindikizidwa ndilo limapambana, choncho nyasica linagwa, anthotheca n'kutenga malo. Nkhani sinathere pomwepo. Mu 2022 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Gaël Bouka wa ku Congo-Brazzaville linasindikiza kafukufuku m'magazini ya Taxon, ataunika DNA ya mitengoyi pamodzi ndi maonekedwe ake, ndipo linapeza kuti pansi pa dzina limodzi lija pakubisala mitengo isanu ndi umodzi yosiyana. Mbawa wa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa unabwezeredwa dzina lake la nyasica.

Wowerenga wanzeru anena pompano kuti: ngati eni mabukuwo amasintha maganizo katatu pa mtengo umodzi, dzina lawolo lili ndi phindu lanji poyerekeza ndi lathu la mbawa, limene silinagwedezeke chiyambire makolo? Funsoli ndi lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mopeputsa. Koma tionetsetse chimene chinasintha ndi chimene sichinasinthe. Dzina lililonse la sayansi limamangiriridwa ku nthambi imodzi yowumitsidwa, yomatidwa papepala, yolembedwa malo ndi tsiku limene inathyoledwa, yosungidwa m'nyumba yosungiramo zomera. Nthambi imeneyo ndiyo mboni. Akatswiri akasemphana maganizo sakangana ndi pakamwa chabe ayi, amapita kukatsegula kabati n'kuyala mbonizo patebulo. Chimene chimasintha ndi chigamulo chakuti kodi mboni ziwiri zikuimira mtengo umodzi kapena iwiri, ndipo chigamulo chilichonse chimalembedwa, ndi chaka chake ndi zifukwa zake, kuti wobwera pambuyo achitsutse ngati ali ndi umboni woposa. Dzina logwa silitayidwa. Limakhala m'kaundula pansi pa lopambanalo, n'chifukwa chake nyasica linatha kudzukanso patapita zaka makumi atatu. Dzina lathu la mbawa lilibe mboni yotere. Ndi lolimba pakati pa anthu a mudzi umodzi amene amauona mtengowo tsiku lililonse, koma likakwera lole kuchoka ku Chipata kapena ku Mansa, n'kudzatsika ku Lusaka kumene zinenero zonse za Zambia zimakumana pamsika umodzi, limayamba kumatidwa pa matabwa a mitengo ina, ndipo palibe kabati yokatsegula.

Kugawanika kwa mtengo umodzi kukhala isanu ndi umodzi kuli ndi zotsatira zogwirika. Mtengo umene mabuku akuti ukupezeka kuchokera ku Sierra Leone mpaka ku Mozambique umaoneka wosaopsezedwa kwenikweni, pakuti ukatha kuno utsala kwina. Ukadziwika kuti wa kuno ndi wa kuno kokha, ndiye kuti kutha kwake m'mitsinje ya Zambia, Malawi ndi mayiko oyandikana nawo n'kutheratu. Wofesa mbande nayenso zimamukhudza: njere zochokera ku nkhalango ya mvula yosaleka ya ku Cameroon si zofanana ndi za mbawa umene unazolowera kupirira miyezi isanu ndi umodzi yopanda dontho. A ku Malawi anaphunzira phunziro limeneli pa mkungudza wa paphiri la Mulanje. Alfred Rendle anautcha Widdringtonia whytei mu 1894, koma pambuyo pake akatswiri ena anauphatikiza ndi mbale wake wamng'ono amene ali mbwee kumwera kwa Africa, mpaka kafukufuku wa Pauw ndi Linder mu 1997 anatsimikiza kuti mkungudza wautaliwo ndi wa pa Mulanje pokha padziko lonse. Macheka sanadikire kuti mkanganowo uthe, ndipo lero mikungudza ikuluikulu yachilengedwe yatsala pang'ono kutheratu paphiripo.

Umboni wowawa kwambiri ndi wa mukula, ndipo Zambia yense akuukumbukira. Welwitsch yemwe uja anautcha Pterocarpus tinctorius mu 1859. Liwu loyambalo ndi la Chigiriki, lotanthauza chipatso chamapiko. Lachiwirilo likutanthauza chonyikira utoto, pakuti anthu a ku Angola ndi ku Congo ankapera mtima wa mtengowu n'kupanga ufa wofiira wodzola. Mu 1895 Paul Taubert wa ku Germany anapatsa mitengo ya kum'mawa dzina lakuti Pterocarpus chrysothrix, kutanthauza ubweya wagolide, ndipo dzina limeneli ndi limene linakhazikika m'mapepala ambiri a ku Zambia ngakhale akatswiri atagamula kuti ndi mtengo womwewo. Kwa zaka zambiri palibe amene zinamukhudza, chifukwa akalipentala ankafuna mukwa, umene Achewa timati mlombwa ndipo mabuku amati Pterocarpus angolensis. Zinthu zinatembenuka pamene msika wa ku China wa mipando yofiira yamtengo wapatali, imene kumeneko amaitcha hongmu, unayamba kusowa matabwa. Umodzi mwa mitengo imene amailemekeza koposa ndi Pterocarpus santalinus wa ku India, umene unali utayamba kale kutetezedwa. Mukula suli pamndandanda wa boma la China wa mitengo ya hongmu, koma thabwa lake likapalidwa limafanana ndi la ku India moti diso wamba silingasiyanitse. Phindu lonse la malondawo linagona pa kufanana kumeneku: kugula chinthu motchipa pansi pa dzina lina m'nkhalango za Luapula, Muchinga ndi Northern, n'kukachigulitsa modula pafupi ndi dzina lina. Kafukufuku amene mabungwe a CIFOR ndi IIED anatulutsa mu 2018 anapeza kuti mu 2016 Zambia inalemba kuti yatumiza kunja zipika zokwana makyubiki mita pafupifupi 3,000 za ndalama pafupifupi madola 900,000, pamene China inalemba kuti yalandira kuchokera ku Zambia makyubiki mita pafupifupi 61,000 a madola pafupifupi 87 miliyoni. Mpata wa pakati pa ziwerengero ziwirizi sunakumbidwe ndi mayina okha, zoona. Ziphuphu ndi malamulo osinthasintha zinachita mbali yaikulu. Koma katundu wozembetsedwa amadutsa pachipata ndi pepala, ndipo papepalapo pamalembedwa dzina. Wapakasitomu amene sangasiyanitse mukula ndi mukwa, ndipo m'kaundula wake mtengo umodzi uli ndi mayina awiri, amasaina chimene wauzidwa.

Njira yotsekera mpatawo inadzeranso pa dzina. Mu Ogasiti 2019, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Geneva, dziko la Malawi, limene linaona odula akuwoloka malire, linapempha kuti Pterocarpus tinctorius ulembedwe pamndandanda wachiwiri wa zamoyo zimene malonda ake apakati pa mayiko amafuna chilolezo, ndipo pempholo linavomerezedwa. Pangano la mayiko oposa 180 silikanatha kulemba kuti mukula, chifukwa ku doko la Dar es Salaam, Walvis Bay kapena Shanghai liwulo silimanga munthu. Mu Novembala 2022 ku Panama mayiko anaonjezera mitengo yonse ya mu Africa ya mitundu ya Pterocarpus, Afzelia ndi Khaya. Kunena kwina, mlombwa, msambamfumu ndi mbawa, mitengo itatu imene mmisiri wa ku Chawama amainyadira, tsopano ili pansi pa lamulo la dziko lonse. Ndinene mosabisa kuti lamulo limeneli silikhudza chitseko chogulitsidwa ku Chawama kupita ku Kamwala mu Lusaka momwemo. Limayang'ana zotuluka m'dziko. Koma thabwa limene lakwera sitima ndi thabwa limene silinafike ku Buseko, ndipo mmisiri amazimva m'thumba ngakhale sanamvepo za Panama. Wina anganene kuti popeza lamulo laphimba mtundu wonse, kusiyanitsa mtengo ndi mtengo kwatha ntchito. Sizili choncho, chifukwa dziko lisanapereke chilolezo liyenera kuonetsa kuti kudulako sikuika mtengo umenewo pachiswe, ndipo munthu sangawerenge chinthu chimene sanachidziwe malire ake.

Chotsutsa china ndi cha mumtima, ndipo ine ndimachimva. Mayinawa ananyamula fungo la utsamunda. Masuku, amene amayi amagulitsa m'mabeseni mvula ikayamba, m'mabuku ndi Uapaca kirkiana, kulemekeza John Kirk amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira mu 1858. Mukusi wa kumadzulo, umene amalonda amautcha teak ngakhale suli pachibale ndi teak wa ku Asia, ndi Baikiaea plurijuga, dzina la William Baikie wa ku Scotland. Anthu amene anatsogolera alendowa kunkhalango, kukwera mitengo, kuthyola nthambi ndi kuwauza ntchito ya khungwa lililonse sanalembedwe paliponse, ndipo mboni zambiri zija zikugona m'makabati a ku Kew, ku Lisbon ndi ku Brussels. Kwa Mzambia amene agogo ake anawotcha chitupa cha atsamunda pa nthawi ya zionetsero zofuna ufulu za Cha Cha Cha mu 1961, pepala la dzina lolembedwa ndi mlendo si chinthu cholandira ndi manja awiri. Komabe dziko litalandira ufulu silinathetse mapepala a mayina; linapanga chiphaso chakechake, NRC yobiriwira, chifukwa linadziwa kuti munthu wopanda nambala yomutsimikiza amalandidwa malo ndi penshoni ndi wina wa dzina lofanana. Cholakwika cha chitupa chinali mwini wake ndi ntchito imene ankachigwiritsa. Dongosolo la mayina awiriawiri limene Carl Linnaeus anakhazikitsa mu 1753 lero lili m'manja mwa aliyense wobwera ndi umboni, ndipo amene anabweza dzina la nyasica anatsogoleredwa ndi mwana wa mu Africa. Limathanso kudzikonza: mu Julayi 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Madrid unavota kuchotsa m'mayina oposa 200 liwu lochokera ku chipongwe chimene azungu ankatukwanira anthu akuda kumwera kwa Africa, moti Erythrina caffra tsopano ndi Erythrina affra. Akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko tikakakana chifukwa cha amene anakabweretsa, ometedwa tikhala ife tomwe.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi cha mmisiri mwiniwake. Iye amadziwa thabwa ndi mphuno, ndi kulemera kwake m'manja, ndi mmene sowo ikulilira. Amadziwa kuti mukwa sufufuta ndipo supindika ukauma, kuti msambamfumu umabunthitsa zida msanga, kuti mbawa uli ndi mitsempha yopingasa imene imanyotsoka ukaupala mothamanga. Pulofesa wotchuka atapatsidwa matabwa atatu opanda masamba angagonje kwa mnyamata wa zaka zisanu pantchito. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti mmisiri asiye mayina ake. Chimene ndikunena n'chakuti nzeru yakeyo imathera pakhomo la shedi. Sangailembe pa lisiti m'njira yoti khoti liimve wogula akadandaula, sangaigwiritse ntchito popikisana pa ntchito ya madesiki a sukulu pamene pepala latchula mtundu wa thabwa, ndipo sangateteze nayo mbiri yake kwa mnzake wa shedi yoyandikana amene amapaka utoto wofiira pa bulugamu n'kumati ndi mahogany. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula akapusitsidwa kamodzi amaleka kukhulupirira komboni yonse, ndipo woluza ndi mmisiri woona mtima. Liwu lakuti rosewood lokha ku Zambia limatchulidwa pa muzauli wa kumchenga wa kumadzulo, Guibourtia coleosperma, limatchulidwanso pa mukula, pamene kunja limatanthauza makamaka mitengo ya mtundu wa Dalbergia. Mahogany weniweni ndi Swietenia wa ku America. Mbawa ndi msuwani wake m'banja la Meliaceae, limodzi ndi nimu, indiya ndi msikidzi, koma msambamfumu, umenenso amaugulitsa ndi dzina lomwelo, ndi wa banja la nyemba. Mmisiri wodziwa kusiyana kumeneku, amene angathe kukunena ndi kukulemba, ali ndi chifukwa chomveka chotchulira ndalama zake.

Chosowa, tsono, ndi mlatho, ndipo mitengo yomangira mlathowo ilipo kale. Frank White anasindikiza buku la mitengo ya m'nkhalango za Northern Rhodesia mu 1962, ndipo D.B. Fanshawe anatha zaka zambiri akutolera zomera ndi kulemba mayina ake a m'zinenero za kuno. Mu 2005 P.S.M. Phiri wa pa Yunivesite ya Zambia anatulutsa kaundula wa zomera za dziko lonse. Nyumba zosungiramo zomera zilipo ku Kitwe, ku Mount Makulu ku Chilanga ndi payunivesite pomwepo, ndipo ya Malawi ili ku Zomba. Akatswiri a zankhalango amaphunzitsidwa ku Mwekera ndi ku Copperbelt University. Koma nzeru zonsezi zili m'Chingerezi ndi m'Chilatini, m'mabuku amene sanalowepo m'shedi, ndipo zambiri zimafotokoza tsamba ndi duwa pamene Chawama amalandira mtengo utavulidwa kale zonsezo. Nthambi ya boma ya zankhalango, imene lamulo la nkhalango la 2015 linaipatsa udindo woyang'anira kudula ndi kunyamula matabwa, ingathe kuika pamsika wa Buseko bolodi la tizidutswa ta matabwa otsimikizika, kachidutswa kalikonse kolumikizidwa ku mboni yake ya m'kabati, pansi pake patalembedwa dzina la Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi la sayansi. Sukulu zaluso zimene TEVETA imaziyang'anira zingathe kuphunzitsa mayina khumi ndi awiri okha pamodzi ndi kagwiridwe ka sowo, ndi kagalasi kokuzira zinthu kamene kamaonetsa timabowo ta kumapeto kwa thabwa, pakuti kayalidwe ka timabowoto kamasiyanitsa mbawa ndi msambamfumu ngakhale onse atapakidwa vanishi imodzi. Ndipo pamene akatswiri adzakhale pansi kulemba bolodilo, pampando woyamba payenera kukhala akalipentala akale a m'makomboni ndi ocheka matabwa a kumidzi, chifukwa iwo ndi amene akudziwa kuti dzina liti limatchulidwa pa mtengo uti ku Petauke, ndi kuti lomwelo likafika ku Kaoma latembenukira ku mtengo uti.